Wopalasa njinga akafuna kuyamba kuthamanga kuno ku Joni

Miyezi ya Juni ndi Julayi ikafika kuno ku Johannesburg, munthu wokonzekera mpikisano wa njinga amasowa pogwira. Dzuwa limatuluka nthawi ikuyandikira 7 koloko, kapinga wa m'mbali mwa msewu amakhala atayera ndi chisanu, ndipo madzulo mdima umagwa ambiri a ife tisanafike n'komwe kunyumba kuchokera ku ntchito. Kupalasa mumdima wotere, pakati pa matakisi olimbirana okwera ndi maenje osaoneka a mumsewu, ndi kuika moyo pachiswe. Komatu mpikisano wa 947 Ride Joburg, womwe nthawi zambiri umachitika mu Novembala pa mtunda wopitirira makilomita 90, sudikira munthu, ndipo amene wagona miyezi yozizira yonse amadzaonekera poyera pa chitunda choyamba.

Amalawi ambiri kuno njinga tinaidziwa ngati chokwera chopitira ku ntchito, monga momwe tinkapitira nayo kuchigayo kapena kumsika kwathu, koma alipo ena amene anafika poikonda mpaka kugula ya matayala owonda, kuvala chisoti, ndi kumalawirira Loweruka kupita kumisewu ya ku Cradle of Humankind pamodzi ndi magulu a opalasa. Ndikulembera anthu oterowo, amene akuganiza zoonjezera kuthamanga pa zokonzekera zawo. Maganizowo ndi abwino, ndipo ine ndimawavomereza ndi mtima wonse, koma pali msampha umodzi umene umakola opalasa njinga kuposa anthu ena onse oyamba kuthamanga.

Tiyambe ndi phindu lake. Mphindi 40 zothamanga zimagwiritsa ntchito mtima ndi mapapo mosalekeza, pomwe pa njinga nthawi ina imathera pa maloboti ndi potsetsereka pamene miyendo yangoti zii pa mapedulo. Kuthamanga sikufuna kupopa matayala, kuthira mafuta pa tcheni kapena kutuluka m'tauni kukasaka msewu wabata, ndipo munthu angathe kuzungulira bwalo la mpira la pafupi ndi kwawo asanapite ku ntchito. Phindu lina, lomwe ambiri salidziwa, lili m'mafupa. Fupa limalimba likamasenza katundu ndi kugwedezeka, koma pa njinga thupi limakhala pa chishalo ndipo mafupa sagundidwa ndi kanthu, n'chifukwa chake ofufuza apeza kambirimbiri kuti anthu amene amangopalasa njinga zaka zambiri osachita masewera ena amakhala ndi mafupa osalimba kwenikweni, makamaka a msana ndi a m'chiuno. Kwa munthu amene tsiku lina angathe kugwa pa liwiro lalikulu, nkhani ya mafupa si yoinyozera.

Chomwe kuthamanga sikungakuchitireni ndi kukuphunzitsani kupalasa. Mphamvu yokankha mapedulo kwa maola atatu kapena anayi, kupirira kukhala pa chishalo, ndi luso loyenda pakati pa gulu zimabwera ndi njinga yokha basi. Choncho kuthamanga kukhale kothandizira, ndipo tsiku limene kwayamba kukulandani mphamvu za ulendo wanu wautali wa pa njinga, dziwani kuti mwapyola muyeso.

Msampha uja ndi uwu: mtima ndi mapapo anu ndi za katswiri, koma mapazi, akatumba ndi misongolo yanu ndi za munthu amene sanathamangepo. Munthu wamba akayamba kuthamanga, mpweya umamuthera patangopita mphindi zochepa, amaima wefuwefu, ndipo kuima kumeneko ndi kumene kumateteza miyendo yake. Inu mpweya sudzakutherani. Mudzathamanga makilomita 8 kapena 10 tsiku loyamba lomwe mukumva bwinobwino, ndipo palibe chidzakuchenjezeni kuti kunsi kwa mawondo zinthu zikuonongeka. Pothamanga, phazi likamatera pansi limalandira kulemera kwa thupi kuwirikiza kawiri kapena katatu, kutanthauza kuti munthu wa makilogalamu 70 amatsitsira mwendo umodzi makilogalamu pakati pa 140 ndi 210 nthawi iliyonse waponda, ndipo m'mphindi 30 amaponda pafupifupi ka 5,000. Pa njinga minofu imagwira ntchito pokankha chabe, koma pothamanga iyeneranso kugwira thupi ngati mabuleki ikutanuka, ndipo ntchito ya mtundu umenewu ndi imene imasiya timabala ting'onoting'ono m'minofu yosazolowera. Minofuyo imazolowera m'masabata owerengeka chifukwa imalandira magazi ambiri, koma mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa, pamodzi ndi mafupa enieniwo, imafuna miyezi.

Zimenezi ndinaziphunzira ndi thupi langa. Tsiku loyamba ndinapita ku Emmarentia Dam nditavala nsapato zoyendera wamba, ndinazungulira m'minda ya maluwa ya pamenepo kwa ola lathunthu, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikusangalala kuti kuthamanga ndi kophweka. Patapita masiku awiri ndinkatsika masitepe a pa fulati chafutambuyo nditagwira chitsulo cha m'mbali, chifukwa ntchafu zinkakana kundinyamula. Ululu umenewo unatha, ndipo ndinapitiriza kuthamanga mtunda womwewo katatu pa sabata. Pa sabata yachitatu msongolo wakumanzere unayamba kuwawa chakumkati, poyamba pongoyamba kuthamanga, kenako ngakhale poyenda kupita kokwerera takisi. Dokotala atandiyeza anandiuza kuti fupa linali litatsala pang'ono kung'aluka, ndipo anandiletsa kuthamanga masabata 6. Chinandipweteka mtima kwambiri n'chakuti ngakhale kuimirira pa mapedulo pokwera chitunda kunkawawa, moti zokonzekera za pa njinga, zomwe ndinkafuna kuzithandiza, ndi zimene zinabwerera m'mbuyo.

Musanaponde msewu, konzani za nsapato, chifukwa ndi chinthu chokhacho chimene muyenera kuonongerapo ndalama. Pitani kusitolo yogulitsa za othamanga, yesani mapeyala angapo madzulo pamene mapazi atupa pang'ono, ndipo sankhani imene simukuimva paliponse mukamayenda. Kutsogolo kwa chala chachikulu kutsale mpata wokwana chala chamanthu cha kudzanja, popeza phazi limasuntha ndi kufufuma pothamanga, mosiyana ndi nsapato ya pa njinga yomwe timaikonda yothina ndi yolimba kunsi. Sikofunika kugula yodula ya chaka chino, ya chaka chatha imene yatsitsidwa mtengo imagwira ntchito chimodzimodzi. Ndikudziwa kuti ambiri a ife timakonda za kaunjika, ndipo pa malaya ndi makabudula palibe vuto, koma nsapato yothamangira imatha mkati kunja kukuoneka bwino. Chofewa cha pansi pake chimafa ikayenda makilomita pakati pa 600 ndi 800, ndipo pa ya kaunjika simungadziwe kuti mwini wake woyamba anayenda nayo mtunda wotani. Masokosi akhale osasunga thukuta kuti mupewe matuza. Kabudula wa pa njinga wokhala ndi chofewa pakati musathamange naye, amakhula m'mphechepeche.

Tsopano masabata oyamba, omwe ndi ovuta osati chifukwa cha kutopa koma chifukwa cha kudziletsa. Yambani ndi kusakaniza kuyenda ndi kuthamanga, kawiri pa sabata, ndipo pakati pa masiku awiriwo padutse masiku osachepera awiri. Tsiku lililonse yendani mwachangu mphindi 5 kuti thupi litenthe, kenako thamangani mphindi 1 n'kuyenda mphindi 2, ndipo bwerezani zimenezi kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi kawiri, n'kumaliza ndi kuyenda mphindi zina 5. Mukamaliza mudzamva ngati simunachite kanthu, ndipo mtima udzakuuzani kuti muonjezere. Musaumvere. Woweruza weniweni ndi miyendo yanu m'mawa wa tsiku lachiwiri, pamene ululu wa minofu umafika pachimake, ndipo mukadzuka n'kutsika pabedi osamva kukoka m'katumba kapena kubaya pansi pa chidendene, ndiye kuti muyeso unali woyenera.

Sabata yachiwiri chitani chimodzimodzi. Pa sabata yachitatu ndi yachinayi thamangani mphindi 2 n'kuyenda mphindi 1, nthawi yonse pamodzi isapitirire mphindi 25 kapena 30. Pa yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi talikitsani zigawo zothamanga kufika mphindi 4 kapena 5, n'kumayendabe mphindi 1 pakati. Pofika sabata yachisanu ndi chiwiri kapena yachisanu ndi chitatu mungathe kuthamanga mphindi 20 mpaka 25 osaima, ndipo apa ndi pamene mungaganize zoonjezera tsiku lachitatu ngati nthawi ilipo. Masabata anayi aliwonse, imodzi ikhale yochepetsa, pamene mukuchita theka la zomwe munachita sabata yapitayo kuti mafupa apeze mpata wodzimanga. Ndipo musaonjezere zinthu ziwiri nthawi imodzi: sabata imene mwatalikitsa mtunda liwiro likhale lomwelo, ndipo sabata imene mwaonjezera tsiku mtunda wa tsiku lililonse usakule.

Mkulu wina wochokera ku Mzimba, amene wakhala akuthamanga kuno zaka zambiri, anandipeza ndikuyambiranso pambuyo pa kuvulala kuja, ndikuyenda pomwe anzanga akundipitirira. Anaona kuti ndikuchita manyazi, ndipo anati, "Achimwene, musayang'ane anthu awa, iwo miyendo yawo inakhwima kale. Inu yendani basi, mudzathamanga nafe mu Ogasiti." Zinachitikadi choncho, ndipo kuyambira pamenepo ndinaleka kuona kuyenda pakati pa kuthamanga ngati kulephera.

Za liwiro, muyeso wodalirika ndi pakamwa panu. Ngati mungathe kucheza ndi mnzanu ziganizo zathunthu mukuthamanga, muli pabwino, koma mukayamba kuyankha ndi liwu limodzilimodzi, chepetsani. Amene muli ndi wotchi yoyeza kugunda kwa mtima musatenge manambala a pa njinga n'kuwagwiritsa ntchito pothamanga momwe alili, chifukwa pothamanga thupi laimirira ndipo minofu yambiri ikugwira ntchito, moti kwa anthu ambiri mtima umagunda mokwererapo ndi 5 mpaka 10 pa mphindi ngakhale khama likhale lofanana. Ndi bwinonso kuyeza ndi mphindi osati makilomita, kuti musayambe kupikisana ndi wotchi. Kumbukiraninso kuti Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Lilongwe ndi Blantyre zili pa mamita ongopitirira 1,000 pang'ono, ndipo madera a m'mbali mwa nyanja ya Malawi ali pansi pa mamita 500. Amene mwangofika kumene kuchokera ku Salima, Mangochi kapena Nkhotakota, kapena mwabwera kutchuthi komwe munakhalitsa, mudzapeza kuti mpweya ukuchepa msanga kwa masabata awiri kapena atatu, ndipo zimenezi sizitanthauza kuti mwafooka.

Kathamangidwe ka wopalasa njinga kamadziwika patali. Chifukwa chokhala maola ambiri atawerama pa chishalo, minofu ya kutsogolo kwa chiuno imafupika, ndipo akayamba kuthamanga amaoneka ngati wakhala pampando wosaoneka, matako ali m'mbuyo, mapewa atakwera. Popeza ntchafu zake ndi zamphamvu, amakondanso kutaya phazi patali kutsogolo n'kutera ndi chidendene bondo litawongoka, zomwe zimatumiza kugunda konse ku msongolo ndi ku bondo. Mankhwala ake muli nawo kale. Pa njinga munaphunzira kuti ndi bwino kuzungulitsa mapedulo mwachangu pa giya yopepuka, mwina ka 85 kapena 90 pa mphindi, kusiyana ndi kukankha giya yolemera. Chitani chimodzimodzi pothamanga: pondani pafupipafupi, mwachangu, phazi lizitera pansi pa thupi lanu, ndipo mukawerenga mwendo umodzi wokha muzipeza nambala yoyandikira 80 kapena kupitirirapo pa mphindi. Imani mowongoka, yang'anani kutsogolo, manja akhale omasuka. Mverani phokoso la mapazi anu, ndipo ngati akumveka phwa phwa phwa, fupikitsani mapondedwe mpaka phokosolo lichepe.

Malo othamangira mumzinda uno ndi ambiri, ndipo m'miyezi iwiri yoyamba sankhani pofewa ndi pathyathyathya. Delta Park ili ndi kapinga ndi tinjira ta dothi, ngakhale kuti ili ndi zitunda zomwe muyenera kuziyenda poyamba. Ku Zoo Lake mungazungulire dziwe pamalo osakwera kwambiri. Kanjira kotsata mtsinje wa Braamfontein Spruit opalasa njinga za m'tchire amakadziwa kale, ndipo n'kabwino kuthamangamo, koma pitani muli awiri kapena atatu, kunja kutayera, ndipo foni ikhale yobisika. Amene mumakhala ku Diepsloot, Cosmo City, Yeoville kapena Rosettenville ndipo mapaki amenewa ali kutali, bwalo la mpira la m'dera lanu ndi lokwanira, bola muzisintha mbali yozungulira kuti mwendo umodzi usamalemedwe nthawi zonse. Mukakakamizika kuthamanga mumsewu wa phula, thamangani moyang'anizana ndi magalimoto, kutanthauza kudzanja lamanja la msewu, zomwe ndi zosiyana ndi chizolowezi chanu cha pa njinga, ndipo mumdima valani chonyezimira. Pewani kuthamanga nthawi yaitali m'mphepete mopendekeka momwe mumayenda madzi a mvula, chifukwa kupendekekako kumavutitsa bondo ndi chiuno.

Nkhani ya zitunda ndiyofunika kuimvetsa bwino, chifukwa apa zinthu zimatembenuka. Pa njinga chitunda ndicho chowawa ndipo mtsetse ndi mpumulo, koma pothamanga mtsetse ndi umene umaononga miyendo, popeza mabuleki onse ndi ntchafu zanu ndi mawondo anu. Kukwera chitunda chothamanga kumafanana kwambiri ndi kupalasa: minofu yake ndi yomweyo ya ntchafu, matako ndi akatumba, ndipo phazi silitera mwamphamvu. Ndiye mukatha masabata 8 oyamba aja, kuthamanga kokwera ndi kumene kungakupindulireni kwambiri pa mpikisano wa njinga. Pezani chitunda chosatsetsereka kwambiri, thamangani chokwera mwamphamvu masekondi 45 kapena mphindi 1, tsikani choyenda, ndipo bwerezani kanayi poyamba, n'kumaonjezera kamodzi sabata iliyonse mpaka kasanu ndi katatu. Masitepe a ku Westcliff, omwe ndi opitirira 200, amakoka anthu ambiri olimbitsa thupi m'mawa, ndipo kuwakwera choyenda mwachangu kumapsereza ntchafu mofanana ndi kuimirira pa mapedulo. Potsika, tsikani pang'onopang'ono. Zimenezi zichitike kamodzi kokha pa sabata, ndipo ziwerengedwe ngati tsiku lolemetsa, osati loonjezera chabe.

Kuyala sabata kumafuna kuona mtima. Tinene kuti ulendo wanu wautali wa pa njinga umakhala Loweruka kapena Lamlungu, ndipo muli ndi tsiku lina pakati pa sabata lopalasa mwamphamvu, mwina Lachitatu. Masabata oyamba aja akatha, kuthamanga kungalowe Lachiwiri ndi Lachinayi, Lachisanu n'kukhala lopuma kuti mufike pa ulendo wautali miyendo ili yatsopano. Musathamange tsiku lotsatizana ndi ulendo wautali poganiza kuti mukutsitsimutsa miyendo, chifukwa minofu yotopa siteteza mafupa bwino, ndipo tsiku lotere kupalasa pang'onopang'ono ndiko kumathandiza. Ngati tsiku lina mufuna kuchita zonse ziwiri, chimene chili chofunika kwambiri chiyambe, ndipo kwa inu chimenecho ndi njinga. Koma ambiri a ife sitikhala muofesi. Wogwira ntchito ya m'munda amakhala chiimire ndi chowerama tsiku lonse, mlonda amayenda usiku wonse, wa zomangamanga amasenza matumba a simenti, ndipo ena amapalasa makilomita 15 kapena 20 kupita ku ntchito ndi enanso pobwerera. Zonsezi miyendo imaziwerengera, ngakhale wotchi isazilembe. Munthu wotere ayambe ndi kuthamanga kamodzi kapena kawiri pa sabata, ndipo pambuyo pa shifiti ya usiku asankhe tulo, chifukwa thupi limadzikonza munthu ali m'tulo.

Mphindi 10 zolimbitsa miyendo kawiri pa sabata zimapulumutsa zambiri, ndipo sizifuna jimu. Imani pa sitepe ndi zala zokha, chidendene chili m'malere, kwerani ndi miyendo yonse iwiri n'kutsika pang'onopang'ono, ka 15, maulendo atatu, ndipo mukazolowera muzichita ndi mwendo umodzi. Izi zimalimbitsa katumba ndi mtsempha waukulu wa kumbuyo kwa chidendene, womwe madokotala amautcha Achilles, ndipo ndi umene umavutitsa opalasa ambiri oyamba kuthamanga. Gonani chagada mawondo atapindika n'kumakweza chiuno kuti matako agwire ntchito. Imani ndi mwendo umodzi pamene mukutsuka mano, chifukwa pa njinga timinofu ta m'mbali mwa chiuno ndi ta mu akakolo timangogona, pomwe kuthamanga ndi kudumpha kuchoka pa mwendo wina kupita pa unzake. Mukamaliza kuthamanga, gwadani ndi bondo limodzi, linalo lili kutsogolo, n'kukankhira chiuno patsogolo pang'ono kwa masekondi 30 mbali iliyonse, kuti minofu yofupika ija itambasuke.

Phunzirani kusiyanitsa ululu. Kuphwanya kwa minofu komwe kumabwera tsiku lotsatira, kumagwira miyendo yonse iwiri mofanana, ndipo kumachepa mukayamba kuyenda, n'kwachibadwa ndipo kumatha m'masiku atatu kapena anayi. Ululu woopsa ndi umene uli mbali imodzi, pamalo amodzi oti mungaloze ndi chala, makamaka pa fupa la msongolo kapena pamwamba pa phazi, umene ukukula mukamapitiriza, kapena ukukuchititsani kutsimphina. Chimodzimodzinso kubaya pansi pa chidendene mukangoponda pansi m'mawa, kuuma kwa mtsempha wa Achilles, ndi kuwawa kunja kwa bondo komwe kumayamba pa mphindi yomweyomweyo tsiku lililonse. Mukaona zotere siyani kuthamanga masiku angapo, pitirizani kupalasa mopepuka ngati sikukuwawa, ndipo zikapitirira sabata kapena mukamva kuwawa podumpha ndi mwendo umenewo, pitani kuchipatala. Musamwe mankhwala opha ululu n'cholinga choti muthamange, popeza mukatero mwatseka pakamwa mlonda amene amakuchenjezani. Ndipo kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kukomoka si nkhani ya miyendo ayi, zimenezo imani pomwepo ndipo kaonaneni ndi dokotala. Amene muli ndi matenda othamanga magazi, shuga kapena vuto la mtima, yambani mwafunsa kuchipatala.

Pa za kudya pali kusiyana kumodzi koti mudziwe. Pa njinga timadya tikupalasa, nthochi kapena buledi, ndipo m'mimba simudandaula, koma kuthamanga kumagwedeza m'mimba. Nsima ndi nyemba zimafuna maola atatu musanathamange, pomwe m'mawa tiyi ndi nthochi imodzi zimakwana pa mphindi 30. Musachepetse chakudya chifukwa chofuna kupepuka pa zitunda, popeza thupi losowa chakudya ndi limene mafupa ake amang'aluka msanga. Mazira, mkaka, nyemba, masamba, ndi usipa kapena matemba odyera pamodzi ndi minga yake, zomwe zimapezeka kwa amalonda obweretsa katundu wa kumudzi, zimapatsa thupi zomangira minofu ndi mafupa. Mpweya wa kuno nthawi yozizira ndi wouma kwambiri, ndipo munthu amataya madzi osaona thukuta, choncho imwani madzi ngakhale ludzu palibe. Kuyambira Okutobala mvula ya mabingu imakonda kugwa masana ndi madzulo, ndipo ziphaliwali za dera lino zimapha, ndiye mukamva kugunda muli pabwalo loyera kapena pansi pa mitengo, lowani m'nyumba kapena m'galimoto.

Mukafika pothamanga mphindi 30 osaima, yesani parkrun. Ndi makilomita 5 aulere Loweruka lililonse 8 koloko m'mawa, mumalembetsa kamodzi kokha pa intaneti n'kulandira nambala yanu, ndipo oyenda pansi amalandiridwa chimodzimodzi ndi othamanga. Inayambira ku Bushy Park mumzinda wa London mu 2004, ndipo muno mu South Africa yoyamba inachitikira ku Delta Park mu 2011, itabweretsedwa ndi Bruce Fordyce, amene anapambana Comrades Marathon maulendo 9. Vuto lake kwa inu n'lakuti imagundana ndi ulendo wautali wa Loweruka, choncho ipiteni kamodzi pa mwezi n'kusunthira njinga Lamlungu, ndipo muithamange modziletsa kuti mawa lake mupalase bwino. Mipikisano ina ya pamsewu, ya makilomita 10 kapena 21, imafuna laisensi, ndipo amene sali mu kalabu amagula yongogwiritsa ntchito tsiku limenelo polembetsa.

Pamenepo mudzakumana ndi anthu amene adzayamba kukunyengererani. Dziko lino limalemekeza kwambiri othamanga mitunda italiitali, ndipo akangoona kuti muli ndi mpweya, adzakuuzani za Comrades, yomwe yakhala ikuchitika pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg kuyambira 1921 pa mtunda woyandikira makilomita 90, kapena za Soweto Marathon, yomwe nthawi zambiri imagwa mu Novembala momwemo. Maganizo anga ndi akuti chaka choyamba muzikane zonsezi. Mpikisano wa makilomita 42 umafuna miyendo imene yathamanga chaka chathunthu kapena kupitirira, ndipo umasiya minofu yophwanyika kwa masabata, moti kuuika mwezi umodzi ndi mpikisano wanu wa njinga ndi kutaya zonse ziwiri. Ngati m'tsogolo mudzakonde kuthamanga kuposa kupalasa, imeneyo idzakhala nkhani ina yofuna dongosolo lina.

Nyengo ikayamba kufunda mu Seputembala, dzuwa n'kumatuluka msanga, njinga ibwerere pamalo pake. Masabata 8 mpikisano wa Novembala usanafike, chepetsani kuthamanga kufika kamodzi kapena kawiri pa sabata, mphindi 20 mpaka 30 mofatsa pa kapinga, ndipo zitunda zonse muzizikwera pa njinga, popeza ndi pomwe mudzazikwere tsikulo. Musakusiyiretu msanga, chifukwa mukaleka miyezi iwiri miyendo imaiwala ndipo mudzayenera kuyambiranso ndi kuyenda kuja. Masiku 10 omaliza musathamange n'komwe, ngakhale anzanu akuitaneni ku parkrun, kuti akatumba ndi ntchafu zifike pa mzere woyambira zilibe kuphwanya kulikonse. Mpikisano ukatha pumulani sabata yathunthu, kenako yambiraninso ndi mphindi 15 kapena 20. Amene mumapita kumudzi pa Khirisimasi, njinga ya mpikisano n'njovuta kuikweza m'basi yodutsa ku Beitbridge ndi Mwanza, koma nsapato zimalowa m'chikwama, ndipo kuthamanga katatu pa sabata m'tinjira ta kumunda, m'mawa dzuwa lisanakwere, kudzasunga mpweya wanu kufikira mutabwerera mu Januwale, makamaka ngati mukulinga Cape Town Cycle Tour ya makilomita 109 mu Malichi.